Mtengo wa laimu m'ndowa: kubzala ndi kusamalira pano pa Harare

Ambiri a ife okhala ku Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku kapena Dzivarasekwa tilibe poti n'kukumba dzenje la mtengo. Pabwalo anathira simenti, kapena nyumba ndi ya lendi ndipo eni ake safuna kuona khasu pafupi ndi mpanda wawo. Mtengo wa laimu, uja wobereka timandimu tobiriwira ta khungu lopyapyala, umavomera kukhala m'ndowa kapena mu mgolo wodula pakati, ndipo tsiku losamuka umakwera lole limodzi ndi mipando. Koma mtengo wa m'ndowa sungakadzifunire madzi kapena chakudya kwina. Mizu yake imalekezera pomwe palekezera pulasitiki. Mitengo yambiri yotere imayamba kufera kumizu masamba akadali obiriwira, ndipo mwiniwake akamathamangira mankhwala opopera, vuto limakhala lili pansi pomwe sakuyang'ana.

Laimu amene mungapeze m'manazale alipo wa mitundu iwiri. Wa Tahiti, amene ena amamulemba kuti Persian kapena Bearss, amabereka zipatso zokulirapo zopanda nthanga, minga yake ndi yochepa, ndipo amapirirako kuzizira. Winayo ndi wa West Indian, yemwenso amatchedwa Key kapena Mexican: zipatso zazing'ono, nthanga zambiri, minga yosasewera nayo, fungo lamphamvu. Ameneyu amakonda kotentha ngati kuchigwa cha Zambezi kapena ku Beitbridge. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo usiku wa Juni ndi Julaye umamuzunza kwambiri. Kwa munthu amene akuyamba, gulani wa Tahiti basi.

Gulani mbande yomezanitsa. Yang'anani pa tsinde, masentimita 10 mpaka 20 kuchokera pa dothi: payenera kuoneka kamfundo kapena kupindika pang'ono pomwe anamezera, khungwa la pansi n'kusiyana pang'ono ndi la pamwamba. Ngati tsinde langoti see kuchokera pansi mpaka kunsonga, minga ili mbwee, kawirikawiri imeneyo ndi mbande ya nthanga ya mandimu wamba a khungu lokhakhala. Ogulitsa ena a m'mbali mwa misewu amazigulitsa ngati laimu, mwina osadziwa iwonso. Mbande yomezanitsa imayamba kubereka pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, pamene ya nthanga mutha kuidikira zaka zisanu kapena kuposa, ndipo chipatso chake mudzachidziwa pa tsikulo. Mandimu okhakhala aja ntchito yawo yabwino ndi kukhala tsinde la pansi lomezerapo, ndipo alimi a malalanje a ku Mazowe anawagwiritsa ntchito motero kuyambira kalekale. Pali tsinde lina lotchedwa Flying Dragon limene limachititsa mtengo kukhala wamfupi. Mukalipeza ndi mwayi, chifukwa ndi loyenera ndowa, koma musavutike kulisakasaka.

Musachite manyazi kupempha wogulitsa kuti asolole mbande m'chubu muone mizu. Mizu yabwino ndi yoyera kapena yachikasu pang'ono, yolimba, yokhala ndi timizu tambiri. Ikakhala yakuda, yofewa, khungu lake likuvuuka mukalikoka ndi zala n'kutsala kaulusi pakati, yaola. Ikakhala yozungulirazungulira pansi pa chubu mpaka kupanga mfundo yolimba, mbandeyo yakhalitsa. Tembenuzaninso masamba anthete. Mukaona timatuza tambiri pamwamba pa tsamba ndi timaenje kunsi kwake, isiyeni mbandeyo ngakhale akutsitsireni mtengo. Chifukwa chake tichifotokoza kutsogoloku.

Ndowa yoyambira ikhale ya malita 20 kapena 25. Anthu ambiri amaganiza kuti kuika kambande mu mgolo waukulu nthawi yomweyo n'kukomera mtengo, koma dothi lochuluka limene mizu sinafikemo limasunga madzi masiku ambiri, n'kuwawasa, n'kuoletsa timizu tochepa tomwe tilipo. Mtengo ukadzaza ndowa ya 20, mudzausamutsira mu ya malita 35 kapena 40, pomaliza mu ya 50 kapena 60, ndipo pamenepo ndi pofikira. Kupitirira apo simudzathanso kuusuntha, popeza malita 50 a dothi lonyowa amalemera ngati thumba la simenti kapena kuposa. Ngati ndowa inali ya penti kapena mafuta ophikira, itsukeni bwino. Imene munali mankhwala a m'munda, dizilo kapena zina zosadziwika, musaigwiritse ntchito.

Boolani mabowo asanu ndi atatu kapena khumi pansi pake, lililonse lokula ngati chala chaching'ono, ndi ena anayi m'mbali cham'munsi penipeni. Chitsulo chowotcha pamoto chimaboola bwino pulasitiki osaing'amba. Kenaka ndowayo ikhale pa njerwa ziwiri kapena zitatu, pansi pake pazipita mphepo. Ikakhala pa simenti mwachindunji mabowo amatsekeka ndi matope, ikakhala pa dothi mizu imatulukira pa mabowo n'kuzika pansi, komanso chiswe ndi nyerere zimapeza polowera. Za kuika miyala pansi pa ndowa, ngakhale aliyense amanena, zilekeni. Madzi sachoka msanga m'dothi losalala kulowa m'miyala. Amayamba adikha pamwamba pa miyalayo, ndiye mwangokweza chithaphwi kuchifikitsa pafupi ndi mizu, n'kuchepetsanso malo a dothi. Kachidutswa ka neti kapena ka thumba loluka pamwamba pa mabowo n'kokwanira kuti dothi lisamatuluke. Ndowa yakuda imatentha kwambiri dzuwa la Okutobala likaiwomba, mpaka mizu ya mbali imeneyo kupsa. Ipakeni penti yoyera, kapena ikulungeni ndi chiguduli.

Nkhani yaikulu ndi dothi. Katondo wofiira wa kumpoto kwa mzinda uno ndi wachonde m'munda, koma m'ndowa amagwirana, ukathirira amasanduka phala, akauma amalimba n'kusiya mpata m'mbali. Makande akuda a m'madambo ndiye oipitsitsa. Dothi lamchenga ngati la ku Epworth ndi Chitungwiza limapitsa madzi bwino koma silisunga chakudya. Palibe limodzi mwa atatuwa loyenera kulowa m'ndowa lokha. Mizu ya mitengo ya mtundu wa mandimu imafuna mpweya kwambiri, ndipo ikakhala m'madzi masiku awiri kapena atatu imayamba kufa.

Sakanizani chonchi, muyeso wake ukhale chitini kapena beseni lomwelo: miyeso iwiri ya makungwa a paini oola ndi ophwanyaphwanya, muyeso umodzi wa mchenga wa kumtsinje wokhakhala, muyeso umodzi wa kompositi kapena manyowa a ng'ombe oola bwino, ndi muyeso umodzi wa dothi la pamwamba losefa. Makungwa a paini amachokera kumacheka a ku Mutare, Nyanga ndi Chimanimani, ndipo amapezeka m'masitolo a zaulimi chifukwa alimi a fodya amafesera mbande zawo m'menemo. Mukalephera kuwapeza, masamba oola a pansi pa mitengo osakaniza ndi zinyenyeswa za makala zotsukidwa amathandiza. Mchenga wosalala wopakira pulasitala ayi, umatseka timipata tonse. Utuchi wauwisi nawonso ayi, chifukwa poola umalanda nayitrojeni amene mtengo umafuna. Musanabzale yesani: dzazani ndowa, thirani malita asanu a madzi. Ayambe kutuluka pansi mphindi imodzi isanathe, ndipo pamwamba pasatsale chithaphwi. Akadikha, onjezani mchenga ndi makungwa.

Phulusa lisalowe m'ndowa. Laimu amafuna dothi lowawasa pang'ono, la pH (muyeso wa kuwawasa kwa dothi) ya pakati pa 6 ndi 6.5, ndipo phulusa limakweza pH mofulumira m'malo ochepa ngati amenewa. Ikakwera, ayironi ndi zinki zimakhalamo m'dothi koma mizu imalephera kuzitenga.

Nthawi yabwino yobzala ndi Sepitembala, kuzizira kutatha, kapena mvula ikayamba mu Novembala. Thirirani mbande m'chubu kutatsala ola limodzi, ng'ambani chubu, masulani pang'ono mizu ya m'mbali, ndipo imene yazungulira muidule ndi mpeni wakuthwa. Mbande ikhale mulingo womwe inali m'chubu, osaizamitsa. Timizu toyamba tizingobisika pang'ono, ndipo pomezera pakhale patali ndi dothi. Tsinde lokwiriridwa limadwala matenda oola khungwa, aja otulutsa utomoni wonga uchi m'munsi mwa mtengo, ndipo akazungulira tsinde lonse mtengo watha. Siyani mpata wa masentimita asanu pakati pa dothi ndi mlomo wa ndowa kuti pothirira madzi azikhala ndi poima. Mukatha thirirani mpaka madzi atuluke pansi, ikani pamthunzi wowala kwa sabata imodzi, ndipo feteleza wothira pamwamba adikire mwezi wathunthu. Pamwamba phimbirani ndi udzu wouma kapena makungwa, koma pakhale mpata wa zala zitatu kuzungulira tsinde.

Mtengowu umafuna dzuwa la maola asanu ndi limodzi mpaka asanu ndi atatu pa tsiku. Pamthunzi umakula ndithu, masamba aakulu okongola, koma maluwa osaoneka. Kuno tili kumwera kwa dziko lapansi, choncho m'miyezi yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto. Khoma loyang'ana kumpoto ndi malo abwino koposa: masana limaotha dzuwa, usiku n'kumatulutsa kutenthako pang'onopang'ono, komanso limatchinga mphepo yozizira yochokera kumwera chakum'mawa. Mbali ya kumwera kwa nyumba mu Juni imakhala mumthunzi pafupifupi tsiku lonse. Mu Okutobala zinthu zimatembenuka: pakona ya simenti yoyang'ana kumadzulo pamatentha mopitirira, ndipo ndi bwino kusunthira ndowa pomwe dzuwa la masana kwambiri silifika. Muzitembenuzanso ndowa pang'ono milungu iwiri iliyonse, apo ayi mtengo umapendekera mbali imodzi.

Chisanu chimagwa mu Harare, makamaka m'malo otsika pafupi ndi madambo ndi mitsinje ngati Mukuvisi ndi Marimba, chifukwa mpweya wozizira umatsetsereka n'kukadikha kumunsi. Mwa mitengo yonse ya mtundu wa mandimu, laimu ndiye wosapirira: kuzizira kukafika madigiri awiri pansi pa ziro, nsonga ndi masamba anthete zimapsa. Usiku woopsa ndi uja wopanda mitambo, wopanda mphepo, nyenyezi zili gwa. Madzulo otere kokerani ndowa pakhonde, kapena fundikani mtengo ndi chinsalu kapena masaka mpaka pansi, m'mawa n'kuvundukula. Pepala la pulasitiki logunda masamba silithandiza, masamba amapsa pomwe lagundapo. Nthambi zikapsa musazidule msanga. Dikirani Sepitembala muone pomwe mtengo waphukira, mudule pamwamba pa pamenepo.

Kuthirira kulibe kalendala. Pisani chala m'dothi mpaka mfundo yachiwiri. Mukamva chinyezi, siyani. Mukamva kuuma, thirirani pang'onopang'ono kuzungulira ndowa yonse mpaka madzi atuluke pansi. Ndowa ya malita 20 imamwa malita atatu kapena asanu. Mu Sepitembala ndi Okutobala zimenezi zitha kukhala tsiku lililonse kapena kudumphitsa tsiku limodzi. Mu Juni ndi Julaye kamodzi pa sabata, nthawi zina kupitirira apo, chifukwa kukazizira kufika pansi pa madigiri 13 mizu imangokhala, siimwa kwenikweni. Mitengo yambiri imafa m'miyezi iwiri imeneyi, mwiniwake akuthirira monga ankachitira m'chilimwe. M'dzinja musadalire mvula mwachimbulimbuli. Mtengo wa masamba ambiri umatchinga mvula yowaza, ndowa n'kutsala youma, ndipo yomwe ili pansi pa denga la khonde silandira kanthu. Koma mvula ya mswera ya Januwale ikagwa masiku otsatizana, onetsetsani kuti mabowo sanatsekeke, ndipo mbale yoika pansi pa ndowa ichotsedwe.

Chosokoneza n'chakuti mtengo wothiriridwa mopitirira ndi mtengo wa ludzu zimaoneka mofanana, zonse zimafota, popeza mizu yoola siingakweze madzi. Kusiyana kwake n'kotere. Wa ludzu masamba amapindikira m'kati m'litali mwake, ndowa imapepuka, ndipo mukathirira umatsitsimuka pofika madzulo. Womira m'madzi masamba amachita chikasu n'kumayoyoka, ndowa ndi yolemera, dothi limanunkha mowawasa, ndipo mukathirira umaipiraipira. Wotereyu msololeni, dulani mizu yonse yakuda ndi yofewa, mubzalenso m'dothi latsopano lopitsa madzi, muchepetse nthambi, muike pamthunzi. Ngati mizu yoyera yatsalako, mwayi ulipo.

Pali msampha wina: dothi la makungwa likauma kwambiri limakana madzi. Mukathira, madzi amatsikira mumpata wa m'mbali n'kutuluka pansi nthawi yomweyo, inu n'kumati mwathirira pamene pakati pali pouma. Mukaona madzi akutuluka mwachangu chodabwitsa, imikani ndowa m'beseni la madzi kwa theka la ola, kapena boolani kabowo kakang'ono pa botolo la malita awiri muliimike pa dothi lizidontha.

Popeza madzi a pampopi sabwera tsiku lililonse m'madera ambiri, mtima umafuna kuthirira ndi madzi ochapira zovala. Musatero. Sopo waufa ali ndi mchere wa sodiyamu, ndipo mitengo ya mandimu imadana ndi mchere. Nsonga za masamba zimayamba kupsa, kenaka masamba n'kuthothoka. Madzi otsukira mpunga kapena ndiwo zamasamba alibe vuto. Madzi a mijigo ina amasiya zoyera ngati ufa pamwamba pa dothi ndi m'mbali mwa ndowa. Mukaona zimenezo palani zoyerazo, ndipo kamodzi pa miyezi iwiri thirani madzi ochuluka, ofanana ndi kukula kwa ndowayo, atsuke mchere utulukire pansi. Madzi a mvula otunga padenga ndi abwino kuposa onse.

Pa chakudya, chizolowezi chathu cha kumunda wa chimanga chimatisocheretsa. Feteleza wa Compound D ndi wa 7:14:7 (magawo a nayitrojeni, fosifeti ndi potashi motsatana), ndiye kuti fosifeti ndi amene wachuluka, pamene laimu amafuna kwambiri nayitrojeni ndi potashi. Supuni imodzi yaikulu ya D yosakaniza m'dothi pobzala ndi yokwanira, osabwerezabwereza. Woyenera mitengo ya zipatso ndi Compound J. Pa ndowa ya malita 20, wazani supuni imodzi yaikulu yosasefukira m'mbali mwa ndowa, kutali ndi tsinde, milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu iliyonse. Pa ndowa ya malita 50, masupuni awiri. Masamba akaoneka otuwa pakati pa nthawi zimenezi, sungunulani supuni imodzi yaing'ono ya feteleza wa AN (ammonium nitrate) m'malita asanu a madzi muthirire. Nthawi zonse dothi liyambe lanyowa musanathire feteleza, ndipo mukathira muthirirenso. Feteleza wodzaza dzanja, monga timachitira pa phando la chimanga, amatha kupha mtengo wa m'ndowa m'sabata imodzi, chifukwa mcherewo ulibe kothawira. Dyetsani kuyambira kumapeto kwa Ogasiti mpaka Malichi. Kuyambira Epulo lekani, poti nsonga zanthete zotuluka m'nyengo yozizira ndi zimene chisanu chimayambira kupsereza. Zitosi za nkhuku ndi zabwino zikaola kwa miyezi ingapo, dzanja limodzi pamwamba pa dothi kawiri kapena katatu pa nyengo. Zaziwisi zimawotcha mizu.

Tsamba lachikasu limafunika kuliwerenga musanathire kalikonse. Masamba akale akachita chikasu chofanana tsamba lonse, mtengo wonse n'kutuwa, ndi njala ya nayitrojeni, kapena mizu yamira. Masamba akale akachita chikasu m'mbali, n'kutsala kobiriwira kosongoka kuyambira pa phata la tsamba, akusowa magineziyamu: sungunulani supuni imodzi yaikulu ya Epsom salt, amene amagulitsidwa ku famase ndi m'masitolo, m'malita asanu a madzi, muthirire kawiri pa chaka. Masamba atsopano akakhala achikasu koma mitsempha yake ili yobiriwira, ndi ayironi, ndipo gwero lake kawirikawiri ndi pH yokwera kapena dothi lonyowa ndi lozizira. Kukhomera misomali ya dzimbiri m'dothi sikuthandiza. Masamba atsopano aang'ono, opyapyala, amawangamawanga, ndi zinki, ndipo feteleza wopopera masamba wokhala ndi zinki amakonza msanga. Mu Julaye mtengo umatha kutuwa pang'ono chifukwa cha kuzizira kokha, n'kudzabiriwiranso kukayamba kufunda.

Tibwerere ku timatuza tija. Timachitika ndi kachilombo kouluka kakang'ono kotchedwa psylla, dzina lake la sayansi Trioza erytreae, kamene kamakonda malo okwera ndi ozizirirako ngati Harare kuposa zigwa zotentha. Kamaikira timazira tachikasu m'mphepete mwa masamba ongotuluka kumene. Ana ake amamatirira kunsi kwa tsamba, aliyense m'kadzenje kake, pamwamba n'kutuluka thuza. Matuza okhawo sapha mtengo. Choopsa n'chakuti kachilomboka kamafalitsa matenda otchedwa greening, amene alibe mankhwala. Mtengo wodwala umakhala ndi nthambi imodzi kapena ziwiri zachikasu, zipatso zazing'ono zopendekera mbali imodzi, zowawa moipa, zoyoyoka zisanakhwime. Pofuna kusiyanitsa ndi njala ya zinki, pindani tsamba potsata mtsempha wa pakati. Mawanga a njala amafanana mbali zonse ziwiri. A greening safanana, mbali ina chikasu apa, mbali ina apo. Nthambi imodzi ikadwala idulireni patali pansi pa pomwe padwala. Mtengo wonse ukagwidwa, uzuleni muuwotche, apo ayi mukusungira anansi anu matenda.

Apa mtengo wa m'ndowa uli ndi mwayi umene wa m'munda ulibe: ndi waung'ono moti mutha kuona tsamba lililonse. Nthawi yoopsa ndi pamene ukuphukira, makamaka Ogasiti mpaka Sepitembala ndi mvula ikangoyamba. Yang'anani nsonga kawiri pa sabata. Mutha kuufundika ndi neti yakale ya udzudzu, yosokedwa mabowo, mpaka masamba atakhwima, ndipo laimu wa Tahiti sataya kanthu chifukwa amabereka popanda njuchi.

Mankhwala opopera osavuta ndi a mafuta ndi sopo. Sakanizani makapu awiri a mafuta ophikira ndi theka la kapu ya sopo wamadzi wotsukira mbale, khutchumulani m'botolo mpaka ziyere ngati mkaka. Pa lita imodzi ya madzi thirani supuni imodzi yaikulu ya msakanizowu, poperani makamaka kunsi kwa masamba, mubwereze pakatha sabata. Amagwira ntchito potseka mpweya wa tizilombo, ndiye ayenera kutikhudza. Poperani madzulo, mtengo utamwa madzi. Kukatentha kufika madigiri 30, kapena maluwa akamasula, musapopere, masamba ndi maluwa zimapsa. Mankhwala omwewa amathana ndi nsabwe za m'nsonga, kodikodi woyera ngati thonje wobisala m'mphanda za nthambi, tizilombo tachikamba tomatirira pa tsinde, ndi akangaude ofiira amene amachuluka m'nyengo ya fumbi. Masamba akada ngati apakidwa mwaye, vuto si mwayewo: ndi nkhungu yomera pa timadzi totsekemera totuluka mwa tizilombo timeneti, ndipo nyerere zokwera ndi kutsika pa tsinde zimabwera kudzamwa timadzito n'kumateteza eni ake. Thanani ndi tizilombo, mwaye mutsuke ndi nsalu yonyowa. Nyerere zikamanga m'ndowa, imizeni m'madzi kwa ola limodzi zituluke.

Mbozi ya gulugufe wamkulu wakuda wa mawanga achikasu imatha kumaliza masamba a kambande m'masiku ochepa. Ikakhala yaing'ono imaoneka ngati chitosi cha mbalame, ikakula imabiriwira, ndipo mukaigwira imatulutsa timinyanga tonunkha. Ingoitolani ndi manja. Timizere tasiliva tokhotakhota m'kati mwa masamba anthete ndi kamphutsi koboola tsamba. Kamanyansitsa mtengo koma mtengo wokula suvutika nako.

Kuthenera n'kochepa. Chofunika kwambiri ndi kuthyola mphukira iliyonse yotuluka pansi pa pomezera ikadali yanthete. Mphukira zimenezi ndi za tsinde la pansi, zimakula mwamphamvu, zili ndi minga yaitali, nthawi zina masamba ake amakhala atatuatatu pa phesi limodzi, ndipo mukazisiya zimalanda mtengo wonse, laimu n'kufa, inu n'kudzakolola mandimu okhakhala. M'mera n'poyamba: mtengo ukadali waung'ono sankhani nthambi zitatu kapena zinayi zoloza mbali zosiyana, kuyambira masentimita 40 kapena 50 kuchokera pa dothi, zinazo muchotse. Pambuyo pake muzingodula zouma, zopingasana ndi zoloza m'kati, mukatha kukolola kapena kumayambiriro kwa Sepitembala. Musamete mtengo ngati mpanda wa maluwa, chifukwa zipatso zimabwera chakunsonga. Mpeni kapena sizasi muzipukuta ndi sipiriti kapena jiki wosungunula musanapite pa mtengo wina.

Maluwa ambiri amabwera mu Ogasiti ndi Sepitembala, ena apo ndi apo chaka chonse. Chaka choyamba thyolani tizipatso tonse, ngakhale mtima ukuwawa, kuti mphamvu ipite ku mizu ndi nthambi. Chaka chachiwiri siyani zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Musadabwe maluwa ndi tizipatso tambiri tikamayoyoka. Mitengo yonse ya mtundu umenewu imamasula maluwa ochuluka kuposa amene ingalere. Chimene mungapewe ndi kuyoyoka kobwera ndi ludzu. Tizipatso tikafika ngati nsawawa mu Okutobala, tsiku limodzi loti ndowa yauma gwa kunja kukutentha ndi lokwanira kugwetsa zonse, choncho mwezi umenewu ngati mukuchoka pakhomo, siyirani munthu ntchito yothirira. Ndowa isasunthidwenso kwambiri pa nthawi imeneyi.

Pakatha zaka ziwiri kapena zitatu dothi limatsika, madzi amayamba kuchedwa kulowa kapena kuthamanga mopitirira, mizu n'kusuzumira pa mabowo. Ndi nthawi yosamutsa, ndipo mwezi wake ndi kumapeto kwa Ogasiti. Ngati mtengo wafika kale mu ndowa yomaliza, ugonekeni, usololeni, dulani ndi mpeni wakuthwa masentimita atatu kapena asanu kuzungulira mbali zonse za mizu ndi pansi pake, bwezerani mu ndowa yomweyo ndi dothi latsopano m'mbali, ndipo chepetsani nthambi ndi gawo limodzi mwa magawo anayi kuti mizu yotsala ikwanitse. Chaka chimene simukusamutsa, palani masentimita asanu a dothi la pamwamba muike latsopano.

Kuchokera pa duwa mpaka chipatso chokhwima pamapita miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, ndiye maluwa a Sepitembala amakupatsani zipatso cha m'ma Febuluwale ndi Malichi. Laimu amathyoledwa akadali wobiriwira. Chizindikiro chake khungu limasalala n'kuwala, kubiriwira kwakuda kumayamba kuwalirako, ndipo mukafinya pang'ono chimavomera. Wa Tahiti amakhala atafika masentimita asanu kapena asanu ndi limodzi m'mimba mwake. Dulani chimodzi muone madzi ake musanathyole zambiri. Mukazisiya mpaka zichite chikasu madzi amachuluka ndithu, koma fungo limachepa, ndipo wa Tahiti amayamba kuola kunsonga ya pansi. Dulani ndi sizasi kusiya kaphesi kakang'ono m'malo mokoka, ndipo musathyole m'mawa kuli mame kapena mvula itangogwa, poti khungu lonyowa limathimbirira pomwe zala zagwira. Zipatso zikatha kuthyoledwa sizipitiriza kupsa, choncho thyolani zokwanira nsomba kapena tiyi wa masiku ochepa, zinazo zidikire pamtengo. Mukafinya laimu panja, sambani m'manja musanakhale padzuwa: madzi ake ndi mafuta a khungu lake zikakumana ndi dzuwa pakhungu la munthu zimatulutsa matuza ndi zipsera zakuda zimene zimatenga miyezi kuti zithe.